Zomwe ndakumana nazo mu komiti ya mjigo, kwa inu amene mwangosankhidwa kumene

Mng'ono wanga amene anapita ku chitengwa ku Machinga anandiimbira foni mwezi wathawu kuti achemwali andisankha usungichuma wa komiti ya mjigo, ndiyambire pati poti anthu ake akuoneka ovuta komanso ndalama za komiti yakale palibe akudziwa komwe zinalowera. Tinayankhula mpakana mayunitsi kumuthera, ndiye ndinaganiza kuti bwanji ndingolemba zonse pamodzi, mwina pali ena amene mwangopatsidwa kumene udindo ngati umenewu kaya ndi ku mjigo, kaya ku komiti ya sukulu, kaya ku VDC (komiti ya chitukuko ya m'mudzi), poti mavuto ake amakhala ofananirako.

Ine ndimakhala kuno ku Phalombe, ndimalima komanso ndimagulitsa tomato ndi mafuta oyeza pa msika. Mjigo wathu anatikumbira a bungwe lina kalekale, ndi wa mtundu wa Afridev ngati mijigo yambiri m'Malawi muno. Atamaliza anaphunzitsa komiti, kujambula zithunzi, nkumapita. Komiti ija inayamba bwino koma pang'ono ndi pang'ono ena anasamuka, ena anamwalira, ena anangotopa, mpaka panatsala bambo mmodzi amene anali tcheyamani yemweyo, mlembi yemweyo, msungichuma yemweyo. Mjigo ukafa ankayenda khomo ndi khomo kutolera ndalama, pena unkakonzedwa pena ayi, ndipo anthu anafika poti akamuona akubwera amalowa m'nyumba. Sindikunena kuti bamboyo ankaba, palibe anamugwira, koma palibenso amene akanamuikira kumbuyo poti panalibe olo kapepala kamodzi kolembedwa. Kenako mjigo unangokhala wakufa dzinja lonse, amayi tikulawira kudambo kukatunga madzi oyera mbuu limodzi ndi ng'ombe.

Ndi alangizi a zaumoyo amene anakakamiza a mfumu kuti aitanitse miting'i tisankhe komiti yatsopano. Tinasankhidwa anthu khumi, amayi ochulukirapo, sinanga ndife timatunga. Ine anandiloza chifukwa ndimalemba kale ku banki mkhonde. Ndinene apa pomwe kuti ntchito imeneyi ilibe malipiro, ngati mwalowa mukuyembekezera ma alawansi mukhumudwa, amabwera mwa apo ndi apo bungwe likaitanitsa maphunziro, ndipo nthawi zambiri kumapita anthu awiri basi, otsala nkuyamba kunyinyirika. Ife tinagwirizana kuti kumaphunziro tizipita mosinthanasinthana, zinachepetsako mkangano.

Nkhani yaikulu ndi ya ndalama ndipo ndikhalapo nthawi. Anthu sakana kusonkha chifukwa cha umphawi wokha ayi, munthu yemweyo amene akukuuza kuti alibe K500 ya mjigo ukamupeza Lachisanu akuponya masheya ku banki mkhonde osaphonya. Kusiyana kwake nkoti ku banki mkhonde bokosi limatsegulidwa aliyense akuona, ndalama kuwerengedwa mokweza, pomwe ya mjigo imalowa m'thumba mwa munthu mmodzi nkusowa. Ndiye ife tinangotengera za ku banki mkhonde zomwezo. Tinakhometsa kabokosi ka maloko atatu, kamakhala kwa ine koma ine ndilibe kiyi olo imodzi, makiyi ali ndi anthu atatu a mabanja osiyana. Tinagula kope la chikuto cholimba, nyumba iliyonse ili ndi mzere wake, ndipo pa miting'i ya mwezi mlembi amawerenga maina a amene alipira, ndalama zomwe zatuluka, ndi zomwe zatsala, kenako timatsegula bokosi nkuwerenga anthu akuona. Maina a osalipira sitiwerenga, aliyense amadziwa yekha akamva kuti dzina lake silinatchulidwe, palibe chifukwa chomuyalutsira munthu pagulu. Chinthu chilichonse chogulidwa chibwere ndi risiti, olo ya kabaza timamulembetsa mwini njinga pakapepala nkusainira. Poyamba anthu ankaseka kuti amayi awa akudziona ngati ali ku ofesi, koma mwezi utatha wina, otsutsa omwe aja ndi amene anayamba kufunsa kuti kodi miting'i ndi liti.

Chovuta chinali cha a mfumu. Kuyambira kale nyumba ya a mfumu sinkalipira, achibale awo apafupi nawonso ankabisala kumbuyo kwawo, komanso a komiti yakale ankati ife ndiye ogwira ntchito sitingalipire. Mukawerengera bwino mupeza kuti amene ankalipira ndi osauka okhaokha opanda wowayankhulira. Tinapita atatu, ine, tcheyamani ndi mayi wina wachikulire amene ndi mlongo wawo wa a mfumuwo, ndipo ndikukulangizani kuti nkhani ngati iyi musapite nokha achinyamata, tengani munthu amene a mfumu sangamudzudzule. Titakhala pansi tcheyamani anayamba kuti zikomo mfumu, tabwera ndi kankhani kakang'ono ka mjigo. Atamva anaseka nkuti, ndiye mukufuna ine ndizigula madzi m'mudzi mwanga momwe? Mayi aja anangoti, achimwene, madziwo ndi a Mulungu palibe akugulitsa, koma labala wa mu mjigomo ndi wa kusitolo, mukayamba inu kuponya palibe mwana amene akane. Sanayankhe tsiku limenelo. Koma pa miting'i yotsatira akazi awo anadzuka anthu onse akuona nkudzapereka ya miyezi itatu, kenako ife a komiti tonse khumi tinatsatira. Zinthu zinasinthira pamenepo, ndipo a mfumu athu ndimawalemekeza pa chimenechi chifukwa ena akanakwiya nkutithetsa komiti yonse.

Pali anthu amene salipira ndipo tinagwirizana pagulu, agogo okhala okha, olumala opanda wowathandiza, ndi ana amasiye amene akudzilera okha. Maina awo anatchulidwa ndi anthu eni ake osati komiti, kuopa kuti angati tikukondera. Koma pali gogo wina amene anakana kukhala waulere, anati ndalama ndilibe koma tsache ndili nalo, mpaka lero mmawa uliwonse amasesa pa mjigo, kuchotsa ndere mu ngalande, kuthamangitsa mbuzi, ndipo ana akamamenyetsa chogwirira pansi amawakalipira kuposa ife a komiti. Palibe anamusankha, dzina lake mulibe mu kope la maudindo, koma akadwala masiku awiri pamalo pamaonekeratu.

China, musamatolere ndalama mofanana chaka chonse. Januwale ndi Febuluwale kuno anthu amakhala akudya kamodzi patsiku, ena ali ku ganyu, kupita pakhomo pa munthu nthawi imeneyo ndi kope ndi kudziputira chipongwe. Ife timatolera kwambiri anthu akakolola, ndipo amene alibe ndalama amabweretsa chimanga kapena nandolo, timayeza ndi mbale imodzi yomweyo kwa aliyense nkudzagulitsa pamodzi mitengo ikakwerako. Ambiri amalipiriratu ya miyezi ingapo akagulitsa nandolo.

Ndalama zikayamba kuoneka m'bokosi mayesero amayamba. Oyamba ndi a ngongole, ndipo ovuta kuwakana ndi a maliro. Munthu amabwera usiku maso ali ofiira, mayi tathandizeni, mutibwereke ya mjigo tigulire bokosi tibweza tikagulitsa mbewu, ndipo ndi munthu woti mumapemphera naye mpingo umodzi, mwina ndi wachibale wa amuna anu. Apa ndi pamene maloko atatu aja amakupulumutsa, ine ndimangonena zoona kuti kiyi ndilibe, komanso lamulo tinapangira limodzi kuti ya mjigo sibwerekedwa. Zimawawa, ndipo pali banja lina limene linakhala nthawi osandipatsa moni. Titaona kuti nkhaniyi izibwerabwera tinapempha a mfumu kuti mudzi ukhale ndi thumba lina la zamaliro losungidwa ndi anthu ena, ndiye pano wovutika timamulozera kumeneko ndipo ifenso timasonkha nawo ngati wina aliyense. Ndikudziwa makomiti ena amabwereketsa ndalama ya mjigo pa chiwongola dzanja kuti ichuluke, kwa ena zimayenda, koma ine sindimazikonda, mjigo sufa mopangana nawe tsiku, ukafa mawa ndalama ili m'manja mwa anthu asanu ndi awiri uyamba kuyendanso khomo ndi khomo ngati bambo uja.

Komanso kusunga ndalama yambiri m'bokosi masiku ano ndi kuluza. Kwacha inagwetsedwa ndi 25% mu Meyi 2022, kenako ndi 44% mu Novembala 2023, ndipo masipeya a mjigo ambiri amachokera kunja ndiye mitengo inangodumpha, ndalama yoti ikanagula zinthu ziwiri inayamba kugula chimodzi. Pano ikangokwana timagula zinthu zokutha msanga nkusunga, U-seal, ma bush bearing, ma bobbin ndi ma O-ring, ndi tizinthu ting'onoting'ono ta labala ndi pulasitiki tokwana m'kajumbo kamodzi koma ndi timene timapha mijigo yambiri. Nazonso timazilemba mu kope ndipo pa miting'i timazionetsa. Za kusunga pa Airtel Money kapena Mpamba tinakambirana, vuto nkuti nambala imakhala ya munthu mmodzi ndipo PIN amadziwa yekha, ndiye tabwereranso pomwe paja. Timangogwiritsa ntchito polipira makaniki kapena wa sitolo, ndipo meseji yake timaionetsa.

Phunzirani kuumvera mjigo wanu, usanafe umayamba wadandaula. Chogwirira chikayamba kugwedera cham'mbali ndi kulira, ma bush bearing atha, mukachedwa chitsulo chiyamba kudya chitsulo chinzake ndipo pamenepo ndalama yake ndi ina. Mukamapopa koma madzi akutuluka ochepa kusiyana ndi kale, kawirikawiri ndi U-seal. Mmawa mukamapopa nthawi yaitali madzi asanafike ndiye kuti usiku amabwerera pansi, mwina ndi bobbin kapena O-ring ya ku valavu ya pansi, mwinanso paipi yang'ambika. Ubwino wa Afridev ndi woti anaupanga kuti anthu akumudzi azitha kuutsegula okha, ndodo zake zimakolana ndi ngowe, mumazitulutsa ndi manja imodzi imodzi, sipanala ndi kachitsulo kowedzera valavu basi. Ife amayi timatsegula tokha, tsiku loyamba abambo anabwera kudzaonerera kuti tilephera, anathera kutigwirira ndodo. Chofunika ndi kuyala ndodozo pamalo oyera osati pa dothi, kusamba m'manja, ndi kusalola ana pafupi, kamwala kakagweramo mwadziputira ntchito. Koma za mapaipi musayerekeze, imeneyo ndi ntchito ya makaniki wa m'dera amene anaphunzira, ife tinapangana naye mtengo pamaso pa a mfumu kuti azibwera kudzauona usanafe, osati kumuitana zitavuta pomwe amatchula mtengo womwe wafuna.

Usiku timakhoma mjigo. Anthu ena anadandaula koma mudzi woyandikana nawo anawabera ndodo ndi mutu womwe wa mjigo, anakhala miyezi akudzatunga kwathu. Boma limati mjigo umodzi ndi wa anthu 250, wathu umapitirira pamenepo kutalitali ukaphatikiza ana a sukulu ndi odutsa, nchifukwa chake labala amatha msanga.

Nthawi imene ndinaona kuti udindowu si wamasewera ndi ya kolera. Inayambira ku Machinga mu Malichi 2022 nkufalikira dziko lonse, anthu oposa 1,700 anamwalira, mpaka sukulu za ku Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Alangizi a zaumoyo ankatisungunulira kolorini, ife a komiti nkumasinthana kukhala pa mjigo kuthira mu ndowa iliyonse ndi kuuza anthu kuti adikire mphindi 30 asanamwe. Ambiri ankati madzi a pa mjigo ndi abwino kale, mankhwala achani akununkhawa. Zoona pansi amatuluka abwino, koma amaipira m'njira, ndowa yosatsuka, zala kulowa m'madzi posenza, masamba amene timaika pamwamba kuti asatayike, kunyumba kapu yomweyo kutungira yomweyo kumwera mwana aliyense. Tinaletsa masamba, tinalimbikitsa kapu ziwiri, yotungira ndi yomwera, tinapemphanso banja lina kuti likwirire chimbudzi chimene linakumba kufupi poti malangizo amati chitalikire mamita 30 kuchokera pa madzi. Bambo wa pakhomopo anatitukwana zosaneneka, mpaka a mfumu anachita kupita okha.

Mphekesera ndiye zinali mbwee, ena amati kolorini ndi wotseketsa kubereka, ena amati ukapita ku chipatala sukabwerako. Mlangizi wathu ndi mnyamata wofatsa, amayenda pa njinga yakapalasa midzi yambirimbiri, anthu ankamulozera zala koma mawa lake umamuona wabweranso. Chimene chinathandiza ndi choti iyeyo, a mfumu ndi ife tinkatunga mu ndowa yothira mankhwala nkumwa anthu akuona. Pa maliro a munthu womwalira ndi kolera a mfumu ndi amene ananyamula mtolo wolemera, kuuza anamfedwa kuti thupi silisambitsidwa ndi achibale, sikuphikidwa nsima, anthu sagona pa siwa. Kwathu kuno kunena zimenezo ndi kudana ndi mtundu wonse, koma ananena, ndipo anakhala pamalopo mpaka kumanda kuti anamfedwa asaone ngati atayidwa.

Kolera isanathe kunabwera namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Amene muli ku Phalombe, Mulanje, Chiradzulu, Blantyre ndi ku Chigwa cha Shire mukudziwa, sindifuna kubwereza. Kwathu madzi ndi matope zinadutsa pa mjigo, zimbudzi zambiri zinagwa. Tinaukhoma kaye mpaka a zamadzi atabwera kudzathira mankhwala mkati, ndipo masiku amenewo anthu anatinena kwambiri kuti tikuwamana madzi pa nthawi ya mavuto, koma madzi osefukira akalowa mu mjigo sungawakhulupirire olo akuoneka oyera. Atautsegula unkatumikira ndi anthu a pa kampu ya ku sukulu omwe, kuyambira mbandakucha mpaka usiku, tinagwirizana kuti palibe wolipira mpaka anthu atabwerera m'makwawo. U-seal inatha mkati mwa nthawi yomweyo, misewu ili yoduka, koma poti ina inali m'kajumbo kaja tinasintha tsiku lomwelo.

Chifukwa choti anthu anazolowera kundiona ndi kope, anandiikanso mu gulu lolemba maina a olandira thandizo. Abale anga, ntchito imeneyo sindimufunira munthu. Mlamu wanga weniweni anabwera kuti alamu mundilembeko, khitchini yanga inagwa, pomwe ena nyumba yonse inapita ndi mbuzi zomwe. Tinachita zomwe zija, maina kuwerengedwa pagulu, anthu eni ake nkumavomera kapena kukana, ndiye sindinachite kumukana ndine, anamukana ndi mudzi. Anakwiya ndithu koma pano timadyera limodzi.

Andale nawo mudzakumana nawo, makamaka chisankho chikayandikira ngati mmene zinalili mu 2025. Amabwera kuti tikukonzerani mjigo, ena kufuna kupaka penti ya chipani pa simenti. Maganizo anga ndi oti thandizo landirani, mapaipi alibe chipani, koma lidzere ku komiti ndi a mfumu, lilembedwe mu kope ngati china chilichonse, ndipo penti ayi chifukwa pa mjigo pamatunga anthu a zipani zonse. Choopsa kwambiri ndi choti anthu amasiya kusonkha nkumati abwana akonza, chisankho chikadutsa abwanawo foni sayankha. Pa zinthu zazikulu zoti mudzi sungakwanitse, njira yake ndi kulemba kalata kudzera ku VDC, ipite ku ADC (komiti ya chitukuko ya dera lonse) mpaka ku khonsolo, a khansala apatsidwe yawo, inunso musunge yanu. Zimachedwa, musanamizidwe, koma kalata yolembedwa umatha kuilondola kusiyana ndi lonjezo la pa msonkhano.

Kunyumba nakonso konzekani. Amuna anga poyamba ankati kodi iwe unakwatiwa ndi mjigo, poti anthu amagogoda ndi nthawi ya nsima yomwe. Tinachita kuika tsiku ndi nthawi yolandirira ndalama, pa mjigo pomwepo osati pakhomo panga. Ndipo mukagula chitenje chatsopano kapena kufolera nyumba ndi malata mudzamva ndithu kuti ndi ndalama za mjigo, walira mvula walira matope. Ine sindikangana nawo, ndimangoti bwerani pa miting'i mudzawerenge nokha, mmodzi anabweradi ndi mwana wake wa Fomu 3 kudzaphatikiza manambala, anapeza zili bwino, pano ndi iyeyo amene amasunga kiyi yachitatu. Osamaikanso ndalama yanu ya bizinesi mu za komiti poganiza kuti mudzabweza, tsiku lodzatenga anthu adzangoona dzanja lanu likutuluka m'bokosi, za kulowetsa zija adzakhala ataiwala.

Pano tikusonkhera mapaipi, makaniki anatiuza kuti awiri apansi atsala pang'ono, ndipo nandolo akagulitsidwa tikhala ndi chisankho cha komiti ina. Ine ndanena kale kuti usungichuma ndisiya, pali mtsikana wina anamaliza Fomu 4 amene wakhala akulemba nane miyezi yapitayi, ngati anthu amufuna atenge iyeyo. Tsiku losiyirana mudzachite pagulu ndipo zonse zilembedwe, kope, bokosi, makiyi, masipeya otsala, nambala ya makaniki ndi zitsulo zotsegulira zomwe, chifukwa sipanala ya komiti yakale ife tinachita kukaiwombola kwa wokonza njinga pa msika, amati anagula.